Batani Lachitatu

Ndinayamba ndi zilembo zazing'ono ngati nyerere,
zokongola pakompyuta yanga pakati pa usiku,
mvula ya ku Rotterdam ikugogoda pazenera
ngati munthu wodzalonjerera ngongole.
Ndinati ndamaliza.

Kutacha ndinakwera tiramu wa ku Feijenoord,
nsanjika yachinayi, chikepe chinafa Lolemba,
kwa bambo Nurettin,
amene anasenza matumba padoko zaka makumi atatu
mpaka msana unati basi.
Foni anaigwira ngati mbale yotentha.
Chala chinanjenjemera, chinaphonya, chinagwera pambali,
pulogalamu yanga inati: Mwalakwitsa.
Anaiika pansi mwaulemu.
"Mwana wanga, mawu amenewa
ndawamva kokwanira m'dziko muno."

Usiku womwewo ndinawafufuta.

Patebulo pawo pali timabokosi tisanu ndi tiwiri,
mayina ake aatali ngati sitima ya katundu,
Chidatchi cha madokotala
chimene eni ake omwe amachitafuna ndi tsinya.
Iwo ali ndi mayina awo:
koyera ka shuga, kofiira ka mtima,
kowawa, kodula pakati ndi mpeni,
ndi kena kamene amangoti ka Lachisanu.
Ndinajambula kalikonse kali pachikhatho chawo,
mizere ya dzanja ikuoneka kumbuyo.
Koloko saikhulupirira.
Tsiku lawo limayenda ndi swala ndi tiyi,
ndiye ndinachotsa manambala,
ndinalemba: mukapinda mkeka wa pemphero la m'bandakucha.

Mabatani ndinasiya awiri okha,
aakulu ngati chivindikiro cha botolo la jamu:
Ndamwa. Sindinamwe.
Mawu anatibwereka mayi Gülizar,
ogulitsa buledi pansi pa nyumbayo,
obadwira ku Yozgat ngati iwo.
Tinajambulira kuseri kwa uvuni,
ufa uli m'zigongono, akuseka, akubwereza.

Sabata ziwiri zinayenda bwino.

Lachinayi ndikumwa khofi ku ofesi
sikirini inafiira:
kofiira ka mtima, ndamwa, ndamwa, ndamwa,
kasanu ndi kanayi dzuwa lisanafike pamutu.
Ndinaimba, osayankha.
Njinga, mlatho, mphepo ikundikankha pachifuwa,
masitepe makumi asanu ndi limodzi,
ndikuwerenga mlandu wanga pa sitepe iliyonse.

Anatsegula atavala masilipasi,
lalanje losenda theka lili m'manja.
Ndinakhuthula kabokosi, ndinawerenga kawiri.
Mapiritsi onse analipo,
kupatula limodzi la tsikulo.

"Ndamwa kamodzi, usaope.
Koma ndikadina apa, amati:
Mwachita bwino achimwene, Mulungu akusungeni.
Amanena ngati kwathu, mawu akuchokera pakhosi.
Chimwalirire Şaziye
makoma awa sanamveponso zimenezo."
Anandipatsa chibanthu cha lalanje.
Ndinadya nditaimirira, miyendo ikadali kunjenjemera.

Ndinaphunzira kuwerenga milingo,
kukulitsa zilembo, kusiyanitsa mitundu
kuti diso la ng'ala lione.
Palibe anandiuza kuti munthu angadine batani
ngati akugogoda pakhomo la mnansi.

Tsopano pali lachitatu, pansi, lobiriwira.
Siliwerenga kanthu.
Silitumiza uthenga ku famase kapena kwa dokotala.
Ukalidina, mayi Gülizar amafunsa ngati wagona bwino,
amadandaula za mtengo wa ufa,
tsiku lina amangoseka chifukwa thireyi inagwa tikujambula.
Akuti ena ayamba kupempha lawo:
mayi wa ku Cabo Verde wa nsanjika yachiwiri,
mkulu wina wa ku Suriname wosamva khutu limodzi.

Wouter, bwana wanga, akufuna lipoti Lolemba.
Wandifunsa kuti batanilo ntchito yake n'chiyani,
tililembe pamzere uti.
Bokosi la dzina ndalisiya lopanda kanthu,
kamzere kakuphethira, kakudikira,
ndipo kunja mvula yayambanso.